Kolera wa mwezi umene usanafike

Mchemwali wina wa ku Nkhotakota wandilembera imelo. Iye amatolera deta ya odwala ndi KoboToolbox (pulogalamu yodzazira mafomu pa foni), anzake amalemba mu Excel, malipoti amalowa mu DHIS2 (pulogalamu yosungira malipoti a zaumoyo), ndipo zitatuzi zikakumana sizimvana. Akufunsa pulogalamu yoti agule.

Mchemwali, mwanditokosa pabala.

Mu Januwale 2023, kolera atavuta m'mbali mwa nyanja, ndinkathandiza kuphatikiza mindandanda ya odwala kuno ku Salima. Usiku wina magetsi anali atazima, fani ili duu, udzudzu ukundidya mu akakolo, batire ya laputopu ikupita kotha. Ndinatulutsa tchati, n'kupeza odwala mu Novembala 2023. Mwezi woti sunafike! Ndinayamba kudzikayikira mutu.

Chinachitika n'chakuti mnzathu analemba 11/01/2023, kutanthauza pa 11 Januwale, koma laputopu yanga inali yotcheredwa Chimereka, mwezi patsogolo, ndiye inawerenga 1 Novembala. Odwala oyambira pa 13 Januwale anangosowa pa tchatipo, poti kulibe mwezi wa 13, ndipo Excel inangowasiya ngati mawu wamba. Sinadandaule n'komwe. Chimene chimandipsetsa mtima n'chimenecho: imalakwitsa mwakachetechete.

Mayina a malo ndiye musanene. Senga Bay, Sengabay, S/Bay: kwa ife ndi doko limodzi, kwa kompyuta ndi midzi itatu. Kwanuko ena amalemba Nkhota Kota, ena KK, mabuku akale amati Kota Kota. Pa zaka wina analemba 6, kutanthauza khanda la miyezi 6, ine n'kuliwerenga ngati mwana wa sitandade 1.

Ndiye ndikamva za kugula pulogalamu yatsopano ndimakwiya, ndisakunamizeni. Ife timakonda zatsopano, makamaka zikabwera ndi maphunziro a kunyanja ndi alawansi. DHIS2, yomwe anaipanga ku University of Oslo, ilibe mlandu. Kobo ilibe mlandu. Akatswiri ali ndi ndondomeko ya HL7 FHIR yoti mapulogalamu azipatsirana deta, ndipo ndi yabwino, koma singadziwe kuti S/Bay ndi kuti. Zinyalala zikalowa, imazinyamula mwaulemu n'kukazitula kwina. Ndipo tisamanamizire alangizi a zaumoyo. Munthu wapalasa njinga tsiku lonse, fomu tinamupatsa ifeyo yopanda malangizo.

Ndiye mutani?

Musagule kanthu. Khalani pansi ndi anzanuwo mugwirizane pa pepala limodzi. Tsiku lizilembedwa mwa ISO 8601, chaka patsogolo: 2023-01-11. Chipatala chizikhala ndi khodi ya mu kaundula wa zipatala (Master Health Facility Registry), midzi izisankhidwa pa mndandanda, osati kulemba pamanja. Zaka kwake, miyezi kwake. Posadziwika pasalembedwe 0. Pepalalo mulimate pakhoma, ndipo fayilo ya deta ya mtundu wa CSV musamaitsegule mu Excel musanasunge ina pambali.