Kwa mayi a ku Luchenza: mutu wa m'mawa wa mwana wanu musautenge mopepuka

Mayi, mwanena kuti mnyamata wanu wa zaka 13, amene anamupeza ndi matenda ofooketsa minofu a Duchenne ndipo anasiya kuyenda, masiku ano akumadzuka mutu ukumuwawa n'kumawodzera masana, ndipo mukufunsa ngati kuli bwino kuti achibale asonkhe ndalama zogulira makina a okisijeni. Ndikupempheni kuti muyambe mwadikira pa za makinawo, ndipo mupite naye kuchipatala cha boma ku Thyolo sabata ino kukapempha kalata yopitira ku Queen Elizabeth ku Blantyre.

Matendawa safooketsa miyendo yokha. Amafikanso pa mnofu waukulu wa pansi pa mapapo ndi minofu ya m'nthiti, imene imakoka ndi kutulutsa mpweya. Mwana akagona tulo amapuma mosazama, mpweya woipa umene umayenera kutuluka umachuluka m'magazi, ndiye m'mawa amadzuka ndi mutu, wotopa, nthawi zina wosafuna n'kudya komwe. Vuto lagona pa mphamvu yopumira, osati pa kusowa kwa okisijeni kokha, ndipo mwana wotere akapatsidwa okisijeni yekha popanda woyang'anira, kupuma kwake kumatha kuchepa kwambiri mpweya woipa uja n'kuwonjezeka. Chimene chimathandiza ambiri ndi makina a BiPAP, amene amakankhira mpweya m'mapapo usiku kudzera m'chovala chakumphuno, koma amene angagamule zimenezi ndi dokotala atayeza mphamvu ya mapapo ake. Pakadali pano muzimugoneka mutu ndi chifuwa zili pokwera, ndipo musamupatse mankhwala obweretsa tulo.

Chimene chimandidetsa nkhawa kwambiri ndi chifuwa, makamaka kuno kwathu kumene chiperoni cha mu June ndi July chimagwetsa ana ambiri ndi chimfine. Mwana amene satha kutsokomola mwamphamvu makhololo amatsalira m'mapapo, ndipo chimfine chimene mnzake amachira pa masiku ochepa, kwa iye chimasanduka chibayo. Pemphani a mafizo akuphunzitseni kumuthandiza kutsokomola, pomukankha ndi manja pamimba chakumtunda pa nthawi yeniyeni imene akutsokomola. Ndi luso loyenera kulionera kwa wodziwa, osati kungoyesa nokha. Musamukhazike m'khitchini ya utsi wa nkhuni, ngakhale kunja kuzizire bwanji, ndipo akatentha thupi kapena kupuma mofulumira musadikire kuti kuche kawiri.

Za mtima simunafunse, komabe ndiyenera kuzitchula, chifukwa mtima nawo ndi mnofu ndipo umasowa dystrophin, puloteni yoteteza minofu imene ikusowekanso m'miyendo. Kuipa kwake n'kwakuti mwana wokhala pa njinga ya olumala sathamanga kapena kukwera chitunda, choncho mtima umatha kufooka kwa nthawi yaitali iye osadandaula kanthu. N'chifukwa chake madokotala amalangiza kuti aziyezedwa kagundidwe ka mtima (ECG) ndi kuunikidwa mtima ndi makina a echo chaka chilichonse, ndipo ambiri amayambitsa mankhwala a mtima monga enalapril mwana akamafika zaka 10, zizindikiro zisanaoneke. Ngati wanu sanaunikidwepo, kanenenitu zimenezi pa ulendo womwewu. Kutupa mapazi, kugunda kwa mtima mothamanga ndi kulephera kugona chagada ndi zizindikiro zothamangira nazo kuchipatala tsiku lomwelo. Inunso mayi mukapemphe kuunikidwa, popeza kawirikawiri matendawa amadzera mwa mayi amene iye mwini sadwala, ndipo ena mwa amayi otere mtima wawo umafooka akamakula. Sizitanthauza kuti munalakwa kanthu, ndipo si ufiti monga ena angakuuzeni.

Ngati akumwa prednisolone, mankhwala amene ana a Duchenne amapatsidwa kuti minofu isafooke msanga, asasiye mwadzidzidzi ngakhale akudwala, chifukwa thupi limakhala litazolowera. Mulembetsenso dzina la matendawa pa tsamba loyamba la buku lake la kuchipatala, kuti akafuna kumuchita opareshoni, ngakhale yaing'ono, womugonetsa adziwiretu, pakuti mankhwala ena ogonetsera monga suxamethonium ndi oopsa kwa ana a Duchenne. Mukafika ku Blantyre mukafunsenso ku Kachere Rehabilitation Centre za njinga yomugwira bwino msana, chifukwa msana ukapindika umapanikiza mapapo amene ali kale ofooka.