Yankho la malume pa nkhani ya unsembe

Eee mphwanga, uthenga wako uja ndaumva. Ndaumvera kawiri, ndiye ndati ndingolankhula, zolembalemba pafoni maso akundivuta masiku ano. Ukuti kwa zaka ziwiri tsopano mtima ukukukokera ku unsembe, ndiye ukufunsa ngati usiye uphunzitsi chaka chino n'kupita ku koleji ya unsembe ku Zomba. Ndiyambe ndi chomalizacho. Ntchito usasiye. Kalata kwa a hedi usalembe, wamva?

Kwathu ku Anglican kuno munthu sadzitumiza yekha ku koleji ya unsembe ngati mmene unachitira polowa uphunzitsi. Amakutumiza ndi a bishopu. Maitanidwe uli nawo mumtima, zimenezo sindikutsutsa, koma mpingo nawonso uyenera kuwaona mwa iwe. Ndiye poyambira ndi kwa abambo a pa parishi yako. Pita ukakhale nawo pansi, osati pakhomo la tchalitchi Misa itangotha anthu akupatsana moni, ayi, upemphe tsiku. Iwowo ndi amene angakulembere kalata, ndipo akhonsolo ya parishi afunsidwa kuti mnyamatayu mukumudziwa bwanji. Ine ndakhala m'khonsolo zaka zambiri. Sitimafunsa ngati munthu amalalikira mokoma. Timafunsa kuti kumaliro amapezeka? Ngongole amabweza? Kunyumba kwake kuli mtendere? Zikatero nkhani imakwera mpaka ku dayosisi, amakuitana kukakufunsa mafunso. Madayosisi alipo 4 m'Malawi muno, Northern Malawi, Lake Malawi, Upper Shire ndi Southern Malawi. Iwe poti uli ku Kasungu ndiwe wa Lake Malawi, likulu lake ku Lilongwe. Za MSCE sindikudandaula, uli nayo.

Koleji ukuinenayo ndi Leonard Kamungu. Ukudziwa kuti mwini dzinalo anali wakwathu konkuno? Wa ku Chia, kufupi ndi Nkhotakota. Ndiye Mmalawi woyamba kukhala wansembe wa Anglican. Anadzozedwa udikoni mu 1902, unsembe mu 1909. Werenga wekha zakazo, 7, akungodikira. Kenako anapita kukatumikira ku Msoro ku Zambia, n'kumwalirira komweko mu 1913. Iwe zaka ziwiri zokha ukuti mtima sukukupatsa tulo. Kuona maso a nkhono n'kudekha, mphwanga.

Ndipo ngakhale lero, ukamaliza maphunziro sakupatsa guwa pompo. Umayamba udikoni, nthawi zambiri pafupifupi chaka. Dikoni amawerenga Uthenga Wabwino, amalalikira, amabatiza, amaika maliro, koma Misa sachititsa, zimenezo n'za wansembe.

Tsopano, pepani achemwali, ndikudziwa mukumvera nawo pagulupa, koma izi ndinene. Mphwanga, apongozi anga wawauza? Poti ansembe athu amakwatira, anthu amaganiza kuti basi banja silivutika. Bodza. A bishopu akati nyamuka upite parishi yakuti, umanyamuka, ana kusintha sukulu, bizinesi ya mayi kuisiya. Parishi imodzi imatha kukhala ndi matchalitchi ambirimbiri, ena kutsidya kwa mtsinje, iwe panjinga dzinja lonse. Amayi a Mothers' Union nawo amayang'ana kwa mkazi wa wansembe ngati mayi wawo, afune asafune. Ndiye kuli kandalama. Ine ndi maso angawa ndinaona abambo ena, sinditchula parishi, atatha miyezi itatu osalandira kanthu chifukwa chopereka chinali chochepa. Tinkachita kusonkha ufa ndi usipa kukasiya kukhitchini mwakachetechete kuti asachite manyazi. Anali munthu wosangalala ndithu, ntchito ankaikonda, koma mkazi wawo ndinawaona akulira kuseri kwa nyumba. Ngati mnzakoyo sanavomere ndi mtima wake wonse, nkhaniyi iime kaye.

Sindikukugwetsa mphwayi ayi. Kunena zoona, pamene unali kamnyamata kotumikira paguwa, kunyamula mtanda mkanjo ukukwekweta pansi, agogo ako ankanena kuti uyu adzathera m'tchalitchi. Ine ndinkaseka. Lero sindikuseka.

Chimene ndingakonde n'chakuti chaka chino upemphe abambo akupatse ntchito yeniyeni. Uzitsogolera mapemphero ku tchalitchi chaching'ono chimene wansembe amafikako kamodzi pamwezi, uziphunzitsa kalasi ya ana, uziyendera odwala. Choko usachisiye. Ukadzaona kuti Lamulungu lamvula, mwapezeka anthu 6 okha, koma ukufunabe kubwererako sabata yamawa, udzandiuze. Komanso ukapeza kuti malo ako ndi omwewo, otumikira usali wansembe, palibe chamanyazi. Ineyo ndakalambira pomwepo.

Iii, foni ikuti batire yatsala pang'ono. Loweruka ndikubwera ku Kasungu kudzatenga mbewu ya mtedza, ndidzagona kwanu. Uwauze apongozi asavutike ndi nkhuku, ndiwo zamasamba zikwana. Ndikufuna ndidzacheze nawo iwowo kaye, iwe uli panja.