Funsani Anti: mpunga wa 2 koloko, kakapu ka khofi ndi kukhalitsa pa tebulo la eni

Mwezi uno makalata ambiri abwera okhudza zodyera kunja, nde ndasankhapo anayi okha, ena aja ofunsa kuti chibwenzi mukachitengere kuti ndawasunga kaye, zimenezo funsani thumba lanu osati ine.

Anti, Lachiwiri lapitali ndinadya mpunga ndi nkhuku pa kalesitilanti kena pafupi ndi ku ofesi, kaja koti zakudya amaika kale m'mathileyi achitsulo iwe umangoloza iwo nkukupakulira. Ndinafika mochedwa cha m'ma 2 koloko chifukwa cha miting'i. Pofika 5 koloko ndinali nditayamba kusanza, usiku onse osagona mpaka mawa lake ndinajomba kuntchito. Mnzanga amene ndinali naye anadya tchipisi ndipo ali bwinobwino. Ndikufuna ndiwayalutse pa Facebook ndi chithunzi cha malo awo kuti anthu adziwe, koma akazi anga akuti mwina si iwowo poti dzulo lake tinadyanso nyama kuphwando. Wolakwa ndani apa?
Bambo wokwiya

Pepani bambo, kusanza usiku onse si masewera. Koma foniyo iikeni pansi kaye tikambirane, chifukwa akazi anu sakunama ayi, anthu ambiri amangothamangira kuloza chala chakudya chomaliza chomwe adya pamene nthawi zambiri chowadwalitsa chinalowa m'mimba kalekale. Tizilombo ta Salmonella timatha maola 6 mpaka masiku angapo tisanayambe kuvuta, Campylobacter amene amakonda kubisala mu nkhuku yosapsa bwino amatenga masiku awiri mpaka 5, norovirus ndi maola 12 mpaka 48. Ndekuti munthu wotsegula m'mimba Lachisanu akhoza kukhala akulipira za Lachiwiri iye nkumatukwana malo amene anadya Lachinayi, osalakwa.

Koma nkhani yanuyi ikununkha mpunga uja. Mwadya 2 koloko, 5 koloko mwayamba, ndipo chachikulu ndi kusanza, kenako tsiku limodzi zatha. Umo ndi momwe amachitira kachilombo kotchedwa Bacillus cereus. Kameneka kamakhalamo kale mu mpunga wosaphika ndipo timbewu take sitifa olo mpunga uwire bwanji, nde mpunga ukapsa nkusiyidwa pofunda, osati potentha osatinso pozizira, timadzuka nkuchulukana nkutulutsa poizoni. Choipa chake poizoniyo saopa moto, mutha kutenthetsanso mpungawo mpaka kufuka nthunzi iye ali momwemo, ndipo amagwira munthu pakati pa theka la ola ndi maola 6. Palinso Staphylococcus wochokera m'manja mwa ophika amene amachita mofananamo. Mnzanu uja anapulumuka chifukwa tchipisi zimachoka m'mafuta owira kupita pambale, sizinakhale ndi nthawi yogona m'thileyi.

A World Health Organization, bungwe loona za umoyo padziko lonse, amanena kuti chakudya chophika chisakhale panja kupitirira maola awiri, chotentha chizisungidwa pamwamba pa madigiri 60 ndipo chozizira pansi pa madigiri 5. Pakati apo mpamene tizilombo timachita phwando. Tsono werengani nokha, mpunga wa masana amauphika mwina 10 kapena 11 koloko kuti anthu a 12 koloko aupeze, inu mwabwera 2 koloko, ngati moto wa pansi pa thileyi unazima ndekuti mwadya mpunga womwe wakhala maola atatu ukufunda. Ine ndinaziona ndi maso anga tsiku lina pamalo ena okongola kwambiri, mipando yofewa, maluwa patebulo, ma weta atavala mataye. Ndili pamzere ndinasuzumira pansi pa thileyi ya mpunga nkuona kachitini ka moto kaja kali zii, ndinagunda chivindikiro ndi kuseri kwa dzanja chinali chofunda ngati mwana wogona, m'mphepete mpunga utauma nkuchita chikasu. Ndikuyang'ana choncho mnyamata anatulukira ku khitchini ndi poto wa mpunga watsopano nkungokhuthulira pamwamba pa wakale uja, kusakaniza ndi chipande, basi. Ndinachoka pamzere nkukaitanitsa mazira okazinga ndi buledi, zoti andiphikire ndikudikira.

Chifukwa chake ine maluwa ndi mataye sindiziwerengera. Ndimayang'ana ngati pali anthu ambiri chifukwa pamalo podzaza chakudya sichikhalitsa, ndimayang'ana nthunzi potsegula chivindikiro, ndimaona ngati wolandira ndalama ndi yemweyo wogwira chakudya ndi manja, ndipo pena ndimayamba ndalowa kuchimbudzi kaye kukaona ngati kuli madzi ndi sopo poti ophika aja amasamba m'manja komweko. Mukachedwa nkhomaliro itanitsani chinthu chophikidwa pompo, za m'thileyi ndi za anthu ofika msanga. Ndipo musaone ngati nkhani yaing'ono, lipoti la World Health Organization la 2015 linati anthu pafupifupi 600 miliyoni amadwala chaka chilichonse chifukwa cha chakudya choipa, ndipo 420,000 amamwalira.

Za Facebook zo ine ndikuti ayi. Umboni mulibe, mpunga munadya wonse, ndipo mukalemba dzina la malo awo nkhani ikhoza kukutembenukirani. Pitani mukaonane ndi mwini wake kapena manijala, muwauze tsiku, nthawi ndi chomwe munadya, mwina simuli nokha amene mwadandaula. Akakuyankhani mwamwano kanenani kwa a zaumoyo oyendera malo odyera, ntchito yawo ndi imeneyo. Ndipo ulendo wina mukadwala chonchi muzimwa madzi ndi ORS pang'onopang'ono, koma mukaona magazi m'chimbudzi, thupi latentha kwambiri, simukutha kusunga olo madzi m'mimba kapena masiku atatu akwana osasintha, thamangirani kuchipatala. Akakhala mwana, mayi woyembekezera kapena agogo musadikire nkomwe masiku atatuwo.

Anti ndithandizeni ndinachita manyazi koopsa. Mnyamata wina ananditengera ku kafe madzulo, menyu yake mayina okhaokha achilendo, nde posafuna kuoneka wotsalira ndinangoloza espresso poti inali pamwamba komanso yotchipa. Anandibweretsera kakapu ngati ka zidole, kowawa ngati mankhwala a malungo, ndinamwa ndikumwetulira mtima ukulira kkkk. Kenako ndinaitanitsanso kachiwiri kuti aone ngati ndimazidziwa. Usiku umenewo tulo sindinatione mpaka 3 koloko. Zinthu zimenezi zimasiyana bwanji?
Mtsikana wa ku koleji

Mwana wanga wandiseketsa, makamaka kachiwiriko, unkafuna kutsimikizira ndani? Imva tsono, menyu yonse ija ndi chinthu chimodzi chongovala zovala zosiyana. Espresso ndiye maziko, madzi otentha okankhidwa mwamphamvu ndi makina kudutsa mu khofi wopera bwino, amatuluka pafupifupi mamililita 30 basi, nchifukwa chake kakapu kamachepa. Ukathiramo madzi otentha yakhala americano. Ukathira mkaka wotentha ndi thovu lambiri pamwamba yakhala cappuccino, dzinali linachokera kwa ansembe achikatolika a chipani cha Capuchin chifukwa mtundu wake umafanana ndi mikanjo yawo. Mkaka ukachuluka thovu nkuchepa ndi latte, ndipo mawu akuti latte m'Chitaliyana amangotanthauza mkaka, ukakanena choncho ku Italy akhoza kukupatsa kapu ya mkaka wokhawokha nkukusiya. Mocha ndi latte yothira chokoleti. Iwe poti zowawa sunazizolowere yamba ndi latte kapena mocha, kapena ungoitanitsa tiyi, palibe lamulo loti wolowa mu kafe amwe khofi.

Za tulo zo ndi caffeine, chinthu cha mu khofi chomwe chimathawitsa tulo. Kakapu kamodzi kaja kamakhala ndi mamiligalamu pafupifupi 60, iwe unamwa tiwiri madzulo thupi lisanazolowere, ndipo caffeine amatenga maola pafupifupi 5 kuti theka lake lokha lichoke m'thupi, nde ukamwa 6 koloko madzulo pofika 11 koloko usiku theka likadali kuvina m'magazi. Bungwe loona za chakudya ku Ulaya la EFSA linati mu 2015 munthu wamkulu wathanzi asapitirire mamiligalamu 400 patsiku, woyembekezera 200. Ukafuna kukoma kwa khofi madzulo funsa decaf, khofi woti caffeine wambiri anamuchotsamo.

Ndipo ulendo wina uzingomufunsa weta kuti ichi nchiyani, amafunsidwa tsiku lililonse. Mnyamatayo ngati angakuseke chifukwa chofunsa ndekuti wakuthandiza kumudziwa msanga pamtengo wa kakapu kamodzi.

Anti, ine ndimagwira ntchito zanga pa laputopu ndipo kunyumba kuli phokoso, nde ndimapita pa kafe ina yomwe ili ndi wayifayi yabwino ndi soketi pakona. Ndimagula tiyi mmodzi m'mawa nkukhala mpaka cha m'ma 3. Masiku ano mtsikana wogwira ntchito pamenepo amangobwera kudzapukuta tebulo langa kangapo nkumafunsa ngati ndikufuna china, nkhope ili gwa. Kodi si ufulu wanga poti ndagula?
Wa laputopu

Achimwene, tiyi mmodzi maola 6? Mtsikanayo ndi woleza mtima, ine ndikanakuzimitsirani soketi.

Kukhalitsa mu kafe si tchimo ayi, malo amenewa chiyambire ndi okhalamo. Nyumba yoyamba ya khofi ku London inatsegulidwa mu 1652 ndi munthu wotchedwa Pasqua Rosée ndipo pasanapite nthawi zinadzaza mzinda onse, anthu ankalipira kobiri imodzi nkukhala akuwerenga nyuzi, kukangana za ndale ndi kupanga mabizinesi, mpaka Mfumu Charles II inayesa kuzitseka mu 1675 poona kuti anthu akuinena kwambiri, koma lamulolo linabwezedwa patangopita masiku ochepa. Msika wa inshuwalansi wa Lloyd's of London unayambira mu nyumba ya khofi ya Edward Lloyd momwe amalonda ndi eni sitima zapamadzi ankakumana. Ndiye inu ndi laputopu yanu simunayambe zachilendo.

Koma taganizani mbali ya mwini malo. Iye amalipira lendi, magetsi amene mukutchajira laputopu ndi foni, intaneti imene mukukopera mafayilo, malipiro a mtsikana uja, ndipo ndalama zonsezo zimachokera pa matebulo. Tebulo la anthu anayi nthawi ya nkhomaliro likhoza kulandira magulu awiri kapena atatu odya chakudya chenicheni, inu mwalitseka ndi kapu yozizira ndi chikwama pampando. Ku Italy anazikonza poyera, m'malo ambiri khofi womwera chiimire pa kauntala amakhala wotchipa kuposa yemweyo ukakhala pansi, kutanthauza kuti mpando nawo uli ndi mtengo wake. Kwina konse mtengo wa mpandowo amangoubisa mu kapu, ndipo kapu imodzi siingalipire tsiku lonse.

Ine ndimachita chonchi, pakatha ola limodzi ndi theka kapena awiri ndimaitanitsa kenakake, kaya keke kaya madzi, ndipo ikafika 12 koloko ndimadya pomwepo kapena ndimanyamuka kuwasiyira malo. Khalani pa tebulo laling'ono, mafoni a ntchito kalankhulireni panja, chakudya chochokera kwina musalowe nacho, ndipo potuluka musiyireni kangachepe mtsikanayo ngati malowo amalola. Komanso ingofunsani mwini wake kuti bwana nthawi yabwino yoti ndizikhala ndi iti, ambiri amasangalala kukhala ndi munthu pa windo nthawi yoti mulibe anthu chifukwa odutsa akaona muli munthu amalowa. Mukapanga zimenezo sabata imodzi yokha mudzaona tebulo lanu lasiya kupukutidwa kasanu.

Anti, tikapita kokadya ndi anzanga a kuntchito pali mmodzi amaitanitsa nyama yodula, zakumwa ziwiri ndi ayisikilimu, ine ndatenga sangweji ndi madzi, bilu ikabwera iye ndi amene amayamba kukuwa kuti tigawane mofanana. Ndimangolipira mtima ukuwawa. Nditani?
Mayi wotopa

Asisi, vuto ndi loti mumadikira bilu. Nkhani imeneyi imakambidwa menyu isanatsegulidwe, weta akangofika muuzeni mukumwetulira kuti ine yanga mulembe payokha, basi, simunatchule munthu simunanyoze munthu. Mudzadabwa kuona ena awiri atatu akuti inenso, poti nawonso akhala akulipirira ayisikilimu yemweyo mwakachetechete. Kugawana mofanana kumakoma pamene nonse mwadya zofanana kapena mwaitanitsa mbale zapakati zodyera limodzi. Akakhala kuti wina wakuitanani yekha nkusankha yekha malo, nkoyenera kuti alipire ndi iyeyo, komabe muzinyamula yanu m'chikwama poti ena amaitana ndi pakamwa pokha.

Mnzanu wa nyama yodulayo musamuuze kanthu. Ingomuyang'anani mwezi wamawa akadziwa kuti bilu ndi yakeyake, muone ngati ayisikilimu uja abwerenso.