Yankho kwa amalume pa nkhani ya cruise control yoikitsa padera

Amalume, ndamva funso lanu loti makampani ena akuitanitsa zipangizo za cruise control (zosunga liwiro la galimoto popanda kuponda moto) zoikitsa padera chifukwa zapezeka ndi vuto, ndiye mukufuna kudziwa ngati chanu chili m'gulu limenelo. Mwanenanso kuti munalemba nambala ya VIN ya galimoto yanu (nambala yoizindikirira imene fakitale inaipatsa) pa intaneti ndipo palibe chenjezo lililonse limene linatuluka. Zimenezo zisakukhazikeni mtima pansi.

Nambala ya VIN imalondola zinthu zimene galimoto inachoka nazo ku fakitale. Chipangizo chimene makaniko anakuikirani pambuyo pake, kampani yopanga galimotoyo sikuchidziwa n'komwe, choncho kalata yokuchenjezani singachokere kumeneko. Ngakhale ku America, kumene bungwe la NHTSA limayang'anira nkhani zimenezi, zipangizo zotere zimalembedwa pazokha, moti nambala ya recall (kuitanitsa katundu wopezeka ndi vuto) yake imakhala ndi chilembo E pomwe ya galimoto yathunthu imakhala ndi V. Chofunika ndi dzina la kampani imene inapanga chipangizocho ndi nambala ya mtundu wake. Zonsezi zimalembedwa pa kabokosi kakang'ono kamene nthawi zambiri amakamangirira kunsi kwa dashboard, pamwamba pa zopondera, ndipo kuti muwerenge bwino mufunika kugwada pakhomo la galimoto ndi tochi m'manja.

Vutoli si lolichepetsa. Kabokosiko kamalumikizidwa ku chopondera moto, ku waya wouza liwiro la galimoto, komanso ku switchi ya mabuleki, ija imayatsa nyali zofiira zakumbuyo. Mukaponda buleki, switchiyo ndi imene imauza chipangizocho kuti chisiye kupereka moto. Uthenga umenewu ukapanda kufika, kaya chifukwa cha waya wolumikizidwa mwachisawawa kapena kulakwika kwa m'kati mwa kabokosimo, injini imapitiriza kukoka pamene inu mukufuna kuima. Ndi opanga galimoto omwe zinawaonekerapo: mu 2018 kampani ya Fiat Chrysler inaitanitsa galimoto pafupifupi 4.8 miliyoni ku America chifukwa cruise control inkatha kukana kuzima magetsi akagundana m'kati, ndipo eni ake anauzidwa kuti asaigwiritse ntchito mpaka itakonzedwa. Ngati zinatero ndi ya ku fakitale, ine sindingakhulupirire msanga yolumikizidwa ndi munthu amene mwina analibe ndi buku la malangizo lomwe.

Maganizo anga ndi akuti muyambe mwaleka kuigwiritsa ntchito kufikira titadziwa zoona zake. Kuzimitsa pa batani kokha sikundikwanira, chifukwa kabokosiko kamakhalabe pa mawaya a chopondera moto. Kuli bwino makaniko wodziwa zamagetsi akachotseretu n'kubwezera mawaya mmene analili. Chikapezeka kuti chili pa mndandanda wa zoitanitsidwa, kampaniyo imayenera kuchikonza, kukupatsani china kapena kubweza ndalama, ndiye lisiti la chipangizocho mulisunge.

Zitachitika muli pamsewu, galimoto n'kukana kutsika liwiro, pondani buleki mwamphamvu osachotsapo phazi, ndipo musamapope, popeza kupopa kumamaliza mphamvu imene imathandizira mabuleki. Kenako ikani giya pa neutral, kapena pondani kilachi ngati ndi ya manyuwo. Injini idzalira kwambiri, koma zimenezo zisakuopseni, chifukwa mphamvu yake sikufikanso ku mateyala. Mupatukire m'mbali mwa msewu, ndipo muzimitse injini mutaima kale, chifukwa mukaizimitsa galimoto ikuyenda chiwongolero chimalemera ndipo mabuleki amauma. Azakhali nawonso muwafotokozere zimenezi, popeza amayendetsa galimoto yomweyo.

Mukapeza mpata jambulani chizindikiro cha pa kabokosiko, nambala zonse zioneke bwino, munditumizire kuti ndikafufuze kwa kampani imene inachipanga.