Amayi, za njoka ndi zinkhanira za kuno ku Arizona

Amayi, mwaswera bwanji kumeneko? Kuno kwacha kumene, ana apita kusukulu, ndiye ndati ndikhale pansi ndikuyankheni bwinobwino. Uthenga wanu ndaumva kawiri. Mwafunsa ngati zili zoona zimene achimwene anakuonetsani pafoni, zoti kuno njoka zimafika pakhonde ndipo zinkhanira zimalowa mpaka kuchipinda, ndipo mwati ngati zili choncho ulendo wodzaona adzukulu muuganizirenso kaye. Ndayankhira pagulu pano dala kuti azakhali ndi alamu amve nawo, poti nawonso anali ndi nkhawa yomweyo.

Sindikunamizani amayi, ndi zoona. Koma mumve kaye mmene zimakhalira.

Phoenix, kumene tikukhala kuno ku Arizona m'dziko la America, ndi mzinda womangidwa m'chipululu chotchedwa Sonoran. Ife tili chakum'mwera, m'munsi mwa phiri la South Mountain. Mukatuluka kuseri kwa nyumba yathu pali mpanda wa mabuloko, kuseri kwa mpandawo kuli khwawa louma, kenako ndi tchire la minga ndi miyala mpaka kuphiri. Mvula ya chaka chonse kuno nthawi zambiri sikwana n'komwe mamilimita 200. Kutentha kwake, inu amene munakulira ku Chikwawa mudzakumbuka mwezi wa October, koma kuno kumaposa. M'chaka cha 2023 tinakhala masiku 31 otsatizana, kuyambira kumapeto kwa June mpaka kumapeto kwa July, tsiku lililonse kutentha kukufika madigiri 43 kapena kupitirira. Tsono taganizani nyama ya m'tchire loumalo. Ikayang'ana kwathu ikuona mthunzi, ikuona madzi akudontha pa maluwa, ikuona tizilombo tasonkhana pa getsi la pakhomo. Ingalekerenji kubwera? Malo amene tamangapowa anali ake kale nyumbazi zisanabwere.

Ndiyambe ndi chinkhanira, chifukwa ndi chimene chinatiliza. Cha kuno sichili ngati zakuda zikuluzikulu zija munkatichenjeza nazo tikamatola nkhuni. Ndi kakang'ono, kowonda, kofiirira mopita kuchikasu ngati udzu wouma, kutalika kwake sikaposa chala. Kuno amakatchula bark scorpion, ndipo pa zinkhanira zonse za dziko lino ndi komwe kali ndi ululu woopsa. Choipa chake n'chakuti kamakwera. Kamakwera khoma, kamayenda kudenga chafufumimba, kenako n'kugwera pabedi. Mpata woti mungalowetsepo khadi la kubanki, iko kadutsa.

Nkhani iyi sindinakuuzeni yonse nthawi imeneyo, ndinkaopa kukudwalitsani mtima. Mdzukulu wanu wamng'onoyu ali ndi zaka ziwiri, usiku wina mu August anadzuka ndi kulira kumene sindinakumvepo. Ndinamuyang'ana thupi lonse, osaona chotupa, osaona bala, palibe chilichonse. Ndi mmene kamachitira, sikasiya chizindikiro. Patapita kanthawi dovu linayamba kutuluka, manja ndi miyendo kuphiriphitha, maso akungoyendayenda okha osakhazikika. Kukanakhala kumudzi tikanati mwana wagwidwa ndi linjirinjiri. Abambo ake anakutumula bulangete, kachinkhanira n'kugwera pansi. Tinaimba foni ku ofesi yothandiza anthu pa nkhani za poizoni, imene imayankha usana ndi usiku, ndipo atangomva zaka za mwana ndi za masowo anati musadikire, pitani kuchipatala. Kumeneko anamuika diripi ya mankhwala opha ululu otchedwa Anascorp, amene amapangidwa ku Mexico ndipo boma la kuno linawavomereza mu 2011. Amayi, ndinaona ndi maso anga mwana akubwerera. Maso anakhazikika, thupi linaleka kugwedezeka, ndipo kusanache anali m'tulo pachifuwa panga. Mpaka lero ndikakumbuka usiku umenewo ndimathokoza Mulungu.

Munthu wamkulu wathanzi kakamuluma amamva ululu woopsa, dzanzi, ndi kubayabaya ngati wagwidwa ndi magetsi, kwa tsiku limodzi kapena kuposerapo, koma ambiri amachira ali kunyumba. Amene timawaopera ndi ana aang'ono ndi okalamba. N'chifukwa chake ndikukuuzani inu zonsezi mosabisa.

Kuchokera tsiku limenelo tinasintha kakhalidwe. Bedi lililonse tinalichotsa kukhoma, ndipo zofunda sizikhudza pansi. Miyendo ya kabedi ka mwana tinaiika m'mabotolo agalasi, chifukwa pagalasi kamaterereka. Nsapato sitivala tisanaikutumule, thaulo sitipukutira tisanalikutumule, zovala sitisiya pansi. Ana anazolowera kotero kuti amachita okha osauzidwa. Abambo awo anamata ming'alu yonse, pansi pa zitseko n'kuikapo labala. Ndiye pali tochi inayake ya kuwala kwa buluu kopita kofiirira. Mukaunikira nayo usiku, chinkhanira chimawala chobiriwira mbee, ngakhale chili patali. M'miyezi yotentha amazungulira nayo mpanda madzulo asanagone, atanyamula chopanira. Usiku woyamba anabwera m'nyumba ali chete, chifukwa cha kuchuluka kwa zimene anaona m'mabowo a mabuloko. Anaonanso chachikazi chitabereka ana ake kumsana, tambirimbiri, toyera. Tinaphunziranso kuti chimene chimazikoka ndi chakudya, nkhululu ndi mphemvu. Ukachepetsa zimenezo, ukachotsa milu ya miyala, nkhuni ndi masamba pafupi ndi khoma, nazonso zimachepa. Kutha sizitha, koma chaka chino m'nyumba taonamo ziwiri zokha.

Pepani, munthu anagogoda pakhomo. Ndipitirize, tsopano za njoka.

Njoka imene munaiona pa kanemayo ndi rattlesnake. Ku Arizona kuno kuli mitundu 13 ya njoka zimenezi, ndipo imene timakumana nayo kwambiri ndi ya mawanga kumsana ndi mizere yakuda ndi yoyera kumchira. Mukaiona mudzakumbuka mphiri, thupi lonenepa, mutu wotambalala, khungu lofanana ndi dothi, ndiponso khalidwe lake lodalira kubisala m'malo mothawa. Kusiyana kwake ndi maseche amene ili nawo kumapeto kwa mchira. Ikaopsezedwa imawagwedeza, phokoso lake ngati madzi akutuluka mwamphamvu pa paipi yobooka. Kumeneko ndi kukuuzani kuti imani pomwepo, ndili pano. Koma musadalire phokosolo, si nthawi zonse imaliza, ndipo tiana take, timene timabadwa cha mu August, timakhala tisanakhale ndi maseche olira pomwe ululu tili nawo kale.

Mwanena mawu ena amene ndawasunga, akuti njoka yofika pakhomo la munthu siibwera yokha. Ndikudziwa kumene mawuwo akuchokera, ndipo sindikupeputsa. Koma kuno amayi, anansi athu onse, azungu, a ku Mexico, amwenye, aliyense wa m'mphepete mwa khwawali inamufikirapo. Yathu tinaipeza m'galaja mu April, itadzikulunga kuseri kwa zitini za penti. Munthu amene anabwera kudzaichotsa anationetsa ndowe za makoswe pakona pomwepo, n'kunena kuti chimene inatsata ndi ichi. Anaigwira ndi chitsulo chachitali chopanira, n'kuiika m'ndowa yotseka, n'kukaisiya kutchire pamalo pamene ingapeze una. Amati ukaitaya kutali kwambiri ndi kumene inazolowera nthawi zambiri imafa.

Ine tsiku limenelo ndinali nditanyamula kale fosholo. Mwazi wa kwathu, njoka ukaiona umafuula anthu abwere ndi mipini. Bamboyo anandiuza modekha kuti ambiri olumidwa ndi amene amaiyandikira kuti aiphe kapena aigwire, ndipo ngakhale mutu wodulidwa umalumabe patapita nthawi. Poyamba zinandivuta kuvomereza. Pano ndinavomereza ndi mtima wonse, chifukwa ndaona kuti njoka imeneyi sithamangitsa munthu. Ukabwerera m'mbuyo mapazi angapo, nkhani yatha. Palinso zina zopanda ululu zimene anthu kuno amakondwa akaziona pabwalo. Ina yakuda ya mizere yoyera, kingsnake, imameza rattlesnake yeniyeniyo. Ukapha imeneyo wachotsa mlonda wako.

Apa ndiye ndikupempha mumvetsetse, inu ndi onse pagulu pano, chifukwa zikukhudzanso kumudzi. Munthu akalumidwa ndi rattlesnake, madokotala kuno amaletseratu kumanga mwendo ndi chingwe, kutema mphini, kuyamwa bala, kapena kuikapo ayezi. Ululu wake umawononga mnofu ndi magazi ngati wa mphiri, ndiye ukamanga umauunjika pamalo amodzi, munthu n'kuduka mwendo umene ukanapulumuka. Chochita n'kuvula mphete, chibangili ndi nsapato chotupa chisanakule, kumukhazika munthu phee, n'kuimba 911, nambala ya zadzidzidzi ya kuno, kapena kuthamangira kuchipatala. Njokayo osalimbana nayo kuti upite nayo, madokotala saifuna. Ndikamamva zimenezi ndimakumbukira anthu a kwathu amene amataya tsiku lathunthu akusaka mankhwala azitsamba mwendo ukutupa. Achimwene, inu amene mumapita kudimba m'mawa, chonde mawu awa muwasunge.

Zina ndi zongodutsa. Kuli nyama ngati nguluwe zazing'ono, javelina, zimayenda m'magulu usiku, kugwetsa mabini ndi kudya maluwa. Maso ake saona bwino, ndipo fungo lake umalimva usanazione. Munthu sizimufuna, koma zikaona galu zimalusa, ndiye ukakumana nazo uli ndi galu umatembenuka. Kuli coyote, nkhandwe ya kuno, imalira usiku m'khwawamu ndipo imalumpha mpanda wotalika kuposa munthu n'kutenga mphaka kapena kagalu. Ukaiona sumathawa, umaima, kukweza manja, kufuula, imachoka. Amphaka am'tchire ofanana ndi njuzi, a mchira waufupi, nthawi zina amaberekera ana m'mabwalo a anthu. Lamulo la m'dera lathu la Maricopa limaletsa kuzipatsa chakudya nyama zimenezi, chifukwa nyama yozolowera kudya pakhomo imasiya kuopa munthu, mapeto ake imaluma wina, iyo n'kuphedwa. Mvula ikayamba mu July kumatulukanso achule akuluakulu amene khungu lawo lili ndi poizoni, galu akawanyambita amatha kufa.

Pali imodzi imene ndikufuna mudzaione ndi maso, ngati mwayi ulipo. Ndi buluzi wamkulu wonenepa, wakuda ndi mawanga ofiirira, khungu lake ngati analiluka ndi mikanda. Dzina lake Gila monster. Ali ndi ululu, koma amayenda mwaulesi ndipo pafupifupi moyo wake wonse amakhala kuuna. Zaka zonsezi ine ndamuona kamodzi kokha, akudutsa njira ya kuphiri m'mawa, ndipo tonse amene tinalipo tinangoima n'kumupatsa njira. Boma la Arizona linamuteteza ndi lamulo kuyambira 1952. Ndipo inu amene mumavutika ndi shuga, mumve izi: m'malovu a buluzi ameneyu akatswiri anapezamo chinthu chimene anatengerapo popanga mankhwala a shuga otchedwa exenatide, amene anayamba kugwiritsidwa ntchito mu 2005. Ndinamva zimenezi ndili kuntchito ndipo ndinakukumbukirani nthawi yomweyo.

Tsono za ulendo wanu. Ine ndi apongozi anu tinakambirana kale kuti mubwere mu December, mubwerere mu February. Imeneyo ndi nyengo yozizira kuno, kuzizira kwake ngati June wa ku Dedza, m'mawa mpaka kufuna juzi. Njoka zimakhala zitalowa m'mauna, zimayambanso kuoneka cha mu March mpaka October. Zinkhanira nazo zimakhala zitaunjikana m'ming'alu, sizimayendayenda kwambiri, ngakhale nsapato tizikutumulabe. Chipinda chanu ndi chimene tinachimata bwino kuposa zonse, ndipo ndidzakupachikirani neti, poti kuno ngakhale kulibe malungo neti imathandiza pa zogwa kudenga.

Chimene ndikuopa ine ndi chizolowezi chanu chija, amayi. Ndikukudziwani, tambala asanalire mwadzuka kale, tsache m'manja, kuphazi kulibe kanthu, dzanja mwalowetsa pansi pa chitsamba kuchotsa masamba. Kuno ayi. Kunja mudzatuluka kutayera, mutavala nsapato zotseka, osati patapata, ndipo dzanja lanu lisalowe pamalo pamene maso anu sakuona. Mukafuna kusesa, kubwalo la kutsogolo kuli simenti, musese mmene mungafunire. Kuseri kumene kuli mpanda muzipita ndi ine kapena ndi mdzukulu wanu wamkuluyu, iye amadziwa poponda ndipo wayamba kale kukonza zoti adzakuonetseni ndi tochi ija.

Ndiuzeni saizi ya nsapato imene mukuvala pano, ndikagule Loweruka lino zizikudikirani. Achimwene, muwathandize amayi kuona pansi pa nsapato zawo za kutchalitchi zija, nambala yalembedwa pamenepo. Mupereke moni kwa onse kumudzi.