Mbuzi zikundithera phingo, nditani?

FUNSO: Zikomo akonzi. Ine ndimakhala kwa Nankumba kuno ku Mangochi, bambo anga amasema ziboliboli n'kumakagulitsa ku Cape Maclear. Amati kale phingo ankadula kuseri kwa mudzi pompa koma pano amayenda tsiku lathunthu osaupeza. Kumunda kwathu kwaphuka timitengo tiwiri pachitsa chakale koma chilimwe chilichonse mbuzi za aneba zimangotibudula, chaka chachitatu chino sitinapitirire m'bondo. Kodi mtengowu ukuthadi? Nanga nditani poti mbuzizo si zanga?
Wowerenga, kwa Nankumba

YANKHO: Achimwene, zimene akuona bambo anuzo n'zoona ndithu. Bungwe la IUCN, loona zosamalira zachilengedwe padziko lonse, linaika phingo m'gulu la mitengo yomwe yatsala pang'ono kukhala pachiopsezo, ndipo pamsonkhano wa CITES (pangano la mayiko loyang'anira malonda a nyama ndi zomera zam'tchire) ku Johannesburg mu 2016 anagwirizana kuti kuyambira 2017 malonda ake ndi mayiko akunja aziyendera chilolezo. Kunjako amaufuna kwambiri, pakati pakuda paja amapangira zitoliro zodula monga clarinet.

Koma ine chimandidetsa nkhawa kwambiri si nkhwangwa ayi, ndi zomwe mwanenazo. Phingo amatenga zaka 70 kapena kuposa kuti afike posemedwa, ndiye tangoganizani, wamkulu tadula, wamng'ono mbuzi yadya nsonga, wotsala moto wa osaka mbewa wamaliza, mawa kudzakhala chani? Mukayenda m'tchire muziyang'ana pansi, mupeza zitsa zambirimbiri koma timitengo tofika m'chiuno mungachite kuwerenga ndi zala. Ndipo anthu akangokolola chimanga ziweto amangozitayirira, nthawi yomwe msipu wauma.

Musayambane ndi aneba, mbuzi siidziwa malire. Zikani zikhomo zinayi zofika pachifuwa, motalikirako pang'ono kuti ikaimirira ndi miyendo yakumbuyo isafikire nsonga, kenako kutirani ndi nthambi zaminga zothinana mpaka pansi chifukwa timbuzi tating'ono timalowera kunsi. Udzu wozungulira lambulani moto usanayambe. Pachitsapo siyani mphukira imodzi yowongoka kuti mphamvu isagawikane.

Mpandawo muziukonza chaka ndi chaka mpaka nsonga itapitirira mutu wanu. Kenako kawaoneni amfumu, bambo anu akhale patsogolo poti ndi amene akudziwa pomwe pali zitsa zina, mukapemphe kuti nkhani ya ziweto zotayirira ikambidwe pabwalo chilimwe chisanafike.