Pulogalamu ikuti seva idzaza, koma seva ili bwinobwino: ndiyambire pati?

Wophunzira wa IT amene ali pa atachimenti walemba kuti: "Zikomo alangizi. Pulogalamu imene imalosera nthawi yowonjezera mphamvu za maseva ikuti seva yathu ina ya Linux itha RAM (malo amene kompyuta imasungiramo zimene ikugwiritsa ntchito panthawiyo) mwezi uno usanathe, koma ikugwira ntchito popanda vuto. Abwana akuti ndifufuze. Kodi pulogalamuyi yafa? Komanso bambo anga akuti ntchitoyi ilibe tsogolo chifukwa zonse zikupita ku cloud."

Mwanangu, usathamangire kuichotsa n'kuiikanso. Mapulogalamu amtunduwu, kaya ndi VMware Aria Operations, SolarWinds kapena Prometheus yolumikizidwa ndi Grafana, saombeza maula. Amatenga manambala a masiku apitawa n'kukoka mzere kuloza kutsogolo, basi. Akapatsidwa manambala opotoka, ulosi wake umapotokanso. Choncho yamba ndi kufunsa kuti pulogalamuyo ikuwerenga chiyani.

Lowa mu sevayo ulembe free -h. Uona ndime zingapo, koma maso ako akhale pa ziwiri: free ndi available. Linux simakonda RAM yongokhala. Imaigwiritsa ntchito posungiramo mafailo amene yawerenga posachedwa, ndipo imaimasula msanga pulogalamu ina ikaifuna. N'chifukwa chake free imatha kukhala yochepa kwambiri pamene available ndi yambiri. Ngati amene anakonza dashibodi anasankha free, pulogalamuyo izikuwa tsiku lililonse ngakhale seva ili phee. Ine ndikukayikira pamenepa poyamba, chifukwa ngakhale akatswiri ena amakodwapo.

Ngati si zimenezo, yang'ana kutalika kwa mbiri imene ulosiwo watsamira. Prometheus imasunga deta ya masiku 15 okha ngati munthu sanasinthe makonzedwe ake. Tiyerekeze kuti m'masiku amenewo munasamutsa database, kapena munayesa pulogalamu yatsopano yolemera. Mzere ukwera, ndipo predict_linear, chida cha Prometheus cholosera, iganiza kuti kukwerako kupitirira mpaka kalekale. Funsa anzako a mu ofesi kuti chinachitika n'chiyani pa tsiku limene girafu inadumpha. Nthawi zambiri yankho amakhala nalo ndi munthu wa desiki yoyandikana nawe.

Onanso ngati girafu ili ndi mipata. Mpata umatanthauza kuti deta sinafike: mwina node_exporter, kapulogalamu kotolera deta pa seva, inazima, mwina firewall yatseka port 9100, kapena 161 ngati mukugwiritsa ntchito SNMP, njira ina yotolera deta, mwinanso pasiwedi ya akaunti yotolera deta inatha nthawi. Wotchi nayonso imasokoneza, ndiye tsimikiza kuti NTP, imene imafananitsa mawotchi a makompyuta, ikugwira pa maseva onse.

Koma usatseke nkhaniyi ndi mawu akuti pulogalamu yanama usanayang'ane pulogalamu iliyonse payokha. Lemba top, usanje potengera memory, ndipo ubwereze kwa masiku angapo. Ukapeza imodzi imene ikungokula osatsika, mwina imeneyo ndi memory leak, kutanthauza kuti ikutenga RAM osaibweza, ndipo ulosiwo ungakhale woona. Kugula RAM ina pamenepo n'kuthira madzi mu ndowa yobooka. Chenjeranso ndi avereji: CPU ya 30 peresenti pa tsiku lonse ikhoza kubisa maola awiri amene inali pa 100. Anthu a ntchitoyi amadalira kwambiri 95th percentile, mlingo umene manambala 5 okha pa 100 alionse amaupitirira, pa chifukwa chomwechi.

Za nkhawa ya bambo ako, uwafotokozere mwaulemu kuti ku AWS ndi ku Azure, kumene makampani amabwereka maseva a cloud kudzera pa intaneti, kampani imalipira seva imene yayatsa molingana ndi kukula kwake, kaya ikuigwiritsa ntchito mokwanira kaya ayi. Munthu wodziwa kuyeza kuti pakufunika mphamvu zochuluka bwanji amapulumutsa ndalama mwezi ndi mwezi, ndipo mabwana amamuona. Limbikira Linux ndi masamu a statistics. Ika VirtualBox, pulogalamu yopangira makompyuta ongoyerekezera, pa laputopu yako, upange maseva awiri, uikemo Prometheus, kenako uwalemetse dala kuti uone mmene magirafu amasinthira. Satifiketi ya CompTIA Server+ kapena RHCSA ya Linux ibwere pambuyo, manja atazolowera.

Ukamapita kwa abwana, tenga tsamba limodzi lokha: zimene pulogalamu ikunena, zimene free -h yaonetsa, tsiku limene girafu inasintha, ndi zimene ukuganiza kuti zikonzedwe. Usasinthe chilichonse pa seva iwo asanavomereze.